Pakhonde pa Azakhali: Akukuphimba M'maso Ndani?

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala kuno ku Mtenguleni ndipo ndimagulitsa vitumbuwa ndi nshawa zokazinga m'mbali mwa msewu waukulu. Ndikapita ku Chipata kukaoda ufa ndi mafuta, mnzanga wa ku Kapata amandiikira mafilimu m'foni, aja ofotokoza milandu imene inachitikadi. Amene ndimawakonda kwambiri ndi a anthu onamiziridwa nkhanza. Andiphunzitsa zambiri, moti masiku ano munthu wabodza ndimamudziwa pongomuyang'ana.

Nkhani yanga ndi iyi. Utangotha mwambo wa Nc'wala, alamu anga anadzuka ndi diso lotupa, n'kupita kupolisi kukanena kuti alongo anga anawamenya. Ine sindikukhulupirira. Choyamba, sanalire ngakhale pang'ono. Tsiku lomwelo ndinawapeza akuchapa, akuimba. Chachiwiri, kwa amayi anati zinachitika Loweruka usiku, kwa ankhoswe anati Lamlungu m'mamawa. Amene akulira usana ndi usiku ndi alongo anga, ndi nsima yomwe sakudya. Andipempha kuti ndikauze ankhoswe ndi apolisi kuti ndinaona alamu akudzigunda okha pachitseko. Kunena zoona sindinaone, usiku umenewo ndinali kogulitsa. Koma akuti ndikakana adzamangidwa, amayi BP idzakwera n'kumwalira, ndipo maliro amenewo adzakhala pamutu panga. Akutinso ndisalankhule ndi alamu chifukwa adzandisokoneza mutu, ndipo ndiwayankhe lisanafike Lachisanu. Ndiwo anandilipirira sukulu mpaka giredi 12. Azakhali, kodi n'kulakwa kunama pang'ono kuti ndipulumutse munthu wosalakwa?

Wofufuza, Mtenguleni

Mwana wa mlongo wanga,

Takulandirani bwana wofufuza milandu! Anzako ntchito imeneyi amakaiphunzira kusukulu ya apolisi ya ku Lilayi, kuguba padzuwa mpaka nsapato kutha, koma iwe waimaliza uli chigonere pamphasa, foni m'manja, zala zili noninoni ndi mafuta. Wabodza umamudziwa pongomuyang'ana? Nanga aja anatenga vitumbuwa pangongole tsiku la Nc'wala, n'kulumbira kuti abweza ng'ombe ikangobayidwa, bwanji sunawadziwe? Usandiuze kuti kulibe. Wogulitsa aliyense wa pa Mtenguleni ali ndi kabuku kake ka anthu a nkhope zokhulupirika.

Sendera kuno. Mafilimu akowo sindikuwanyoza, ndipo kusemerana chinyau kulipodi. Mwina unaonera ya BBC ija, Liar: The Fake Grooming Scandal. Mu Meyi 2020 mtsikana wa m'tauni ya Barrow-in-Furness ku England, dzina lake Eleanor Williams, anaika pa Facebook zithunzi za nkhope yake yotupa ndi thupi la mabala, n'kunena kuti gulu la amuna achimwenye limamugwiririra ndi kumugulitsa. Uthengawo anthu anagawana koposa ka 100,000. Tauni inatekeseka, malo odyera a amwenye anaswedwa mazenera, anthu anamusonkhera ndalama. Mnyamata wina amene Eleanor anali atamunamizira kale anagona masiku 73 m'ndende podikira mlandu, ndipo amuna atatu anauza khoti kuti anayesa kudzipha. Kumapeto kwake kunapezeka kuti mabalawo anadzipweteka yekha ndi hamala imene anagula m'sitolo. Mu Marichi 2023 anamulamula kukhala m'ndende zaka 8 ndi theka.

Tsono dzifunse kuti anamugwira bwanji. Analipo wapolisi amene anamuyang'ana m'maso n'kuti uyu ndi wabodza? Ayi ndithu. Khamu lonse lija linayang'ana nkhope, ndipo linapusa lonse. Anamugwira ndi makamera a m'sitolo, ndi mafoni amene ankadzilembera nawo yekha mauthenga ngati akuchokera kwa amunawo, ndi dokotala amene anapima mabala. Zinthu zogwirika, zotoledwa pang'onopang'ono ndi anthu amene sanadye mfulumira.

Mnzako wa ku Kapata akuikirenso ina, Unbelievable, ya 2019. Ndi sewero, koma nkhani yake inachitikadi. Mu 2008, m'tauni ya Lynnwood ku America, mtsikana wa zaka 18 amene amangomutchula kuti Marie anakanena kupolisi kuti mwamuna anamulowera m'nyumba, kumumanga ndi kumugwiririra. Amayi awiri amene anamulerapo anayamba kukayika, ati sakuoneka ngati munthu wogwiriridwa, sakulira monga iwo ankayembekezera. Mmodzi anakauza apolisi za kukayika kwakeko. Apolisi anapeza timawu tosiyana m'kafotokozedwe kake, anamupanikiza mpaka anavomera kuti ananama, kenako anamutsegulira mlandu wonamiza apolisi, n'kumulipiritsa madola 500. Mu 2011 apolisi awiri achizimayi a ku Colorado anagwira Marc O'Leary, amene ankagwiririra akazi m'matauni osiyanasiyana. M'kamera yake munapezeka zithunzi za Marie ali womangidwa. Mkuluyo anapatsidwa zaka 327 ndi theka. Werenganso zifukwa ziwiri zimene wandipatsa zokanira alamu ako: sanalire, ndipo anasiyanitsa mawu. Ndi zomwezo zimene anamukanira nazo Marie.

Ya American Nightmare nayo n'chimodzimodzi. Mu 2015 apolisi a ku Vallejo, ku California, anaima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti Denise Huskins ndi bwenzi lake Aaron Quinn angopeka nkhani yakuti Denise anabedwa. Patapita miyezi yochepa wakubayo, Matthew Muller, anagwidwa, pambuyo pake n'kupatsidwa zaka 40, ndipo mzindawo unalipira awiriwo madola 2.5 miliyoni. Amenewo ndi apolisi a sukulu yake, a yunifolomu ndi nyota paphewa, koma kuwerenga nkhope kunawagwetsa m'mbuna. Nanga iwe wa pamphasa?

Zoti alamu ankachapa akuimba, mwanawe, unaonapo mkazi wa kuno amene anasiya kuchapa chifukwa wamenyedwa? Ana avala chiyani? Ena akapwetekedwa amalira mudzi wonse kumva, ena amauma gwa, ena amaseka kumene. Ndipo Loweruka usiku ndi Lamlungu m'mamawa, kwa munthu amene wadzidzimutsidwa tambala woyamba asanalire, ndi nthawi imodzi. Ngakhale akadasiyanitsa zoposa apo, mantha amasokoneza ndondomeko ya zinthu m'mutu. Sindikuti alamu ako akunena zoona. Ndikuti zimene wagwira iwezo si umboni.

Apa ndi pamene ndikufuna utchere khutu, chifukwa mafilimu anakuphunzitsadi kununkhiza chinyengo, koma mphuno waloza kolakwika. M'kalata yako yonseyi, alamu ako akupempha chiyani? Palibe. Sanabwere kudzakulirira, sanakutume, sanakuopseze. Anatenga diso lawo n'kupita nalo kumene likapimidwe. Amene wakupempha kanthu ndi mlongo wako, ndiye taona mmene wapemphera.

Wayamba ndi kukuuza kuti ukanene zimene sunaone. Poona kuti mtima wako ukukana, wakusenzetsa maliro a amayi ako amene ali moyo, akudya nsima bwinobwino. Ukati ukamve mbali inayo, wakutsekera njira: usalankhule ndi alamu. Ukati ugone nayo nkhaniyo uiganizire, wakuikira Lachisanu. Za fizi ya sukulu, kaya anakukumbutsa yekha kaya unadzikumbutsa wekha, zatulukira pa nthawi yomukomera kwambiri iyeyo. Munthu akafuna kukudyera masuku pamutu kudzera mu mtima wako womwe, amachita zimenezi: amakufulumizitsa, amakupatula kwa ena, amakupatsa mlandu wa zimene sunachite, n'kusandutsa chikondi chako ngongole. Wonamizira mnzake nkhanza amatero. Wochita nkhanza n'kumakana amateronso. N'chifukwa chake ine anthu akabwera pakhonde pano sindiwerenga misozi. Ndimayang'ana kuti amene akuopa kufunsidwa ndani, ndipo akufuna kuti ine ndimuchitire chiyani.

Mayi wina wophunzira za maganizo a anthu, Jennifer Freyd wa pa yunivesite ya Oregon, analemba mu 1997 za njira imene olakwa ambiri amatsata akafunsidwa. Poyamba amakana. Kenako amaukira wowanenayo: ameneyu ndi wamisala, ndi woyendayenda, akufuna katundu wanga. Pomaliza amaitembenuza nkhani yonse, iwo n'kusanduka ozunzidwa, wozunzidwa uja n'kusanduka wozunza. Nduna iliyonse ya kwa Mpezeni imene yakhalapo pabwalo la milandu ya mabanja inaziona zimenezi osapita ku Oregon. Koma samala, usatenge izi n'kuthamanga nazo monga unathamangira ndi zinazo. Wosalakwa naye amakana, naye amalira kuti akumuzunza, ndipo amakhala akunena zoona. Kukana pakokha si chizindikiro. Kusiyana kwake kumaonekera pa zimene amapempha. Wosalakwa amati bwerani mudzaone, funsani aneba, pimani, kambani naye yekhayo mumve. Safuna mboni yopanga, amafuna imene inalipo.

Mwina mlongo wako sanamenyedi. Munthu akagwira njakata amapempha zopusa, ndipo mantha a selo si nthabwala. Ngakhale zili choncho, chimene wakupemphachi chikamumiza iye pamodzi ndi iwe. Kuuza wapolisi zabodza ndi mlandu m'malamulo a Zambia, ndipo kunama utalumbira m'khoti ndi mlandu woposa apo. Usiku umenewo unali kogulitsa. Anagula kwa iwe ndi anthu angati? Wozenga mlandu akangopeza mmodzi, umboni wako wagwa. Bodza limodzi mu umboni lili ngati supuni ya mafuta owola m'chiwaya, iwe wa vitumbuwa zotsatira zake ukuzidziwa. Palibe amene adzakhulupirirenso ngakhale zoona zimene mlongo wako anganene.

Kutchalitchi timakonda nkhani ya Yosefe ndi mkazi wa Potifara, makamaka abambo, amaikonda zedi: mkazi wabodza, malaya m'manja ngati umboni, mnyamata wosalakwa m'ndende. Koma ukabwereke Baibulo kwa mnzako wa Katolika utsegule Danieli mutu 13, umene a Reformed alibe m'lawo. Mmenemo muli Suzana, amene akuluakulu awiri olemekezeka anamunamizira chigololo atawakana. Khamu linawakhulupirira chifukwa cha imvi zawo. Danieli anawapatula, n'kufunsa aliyense payekha kuti anaona zikuchitikira pansi pa mtengo wanji, ndipo anatchula mitengo yosiyana. Zindikira kuti amene anagwidwa pamenepo ndi mboni zonena kuti zinaona zimene sizinaone. Ndiwo mpando umene mlongo wako akukupukutira. Adzakufunsa uli wekha: chitseko chiti, cha kuchipinda kapena cha pabalaza? Nyali inali yoyaka? Iwe unaima pati? Anadzigunda kangati? Kenako adzamufunsa iye zomwezo, iwe uli panja.

Fizi analipira, Mulungu amudalitse. Anakulipirira kuti udziwe kuwerenga ndi kulemba, osati kuti udzasaine bodza. Ukafuna kubweza, ukamuthandize kukolola, ukagulire mwana wake yunifolomu.

Alipo winanso amene akukuphimba m'maso, ndipo m'kalata yako sunamutchule: wopanga filimu. Ameneyu ndi katswiri kuposa mlongo wako ndi alamu ako kuwaphatikiza. Amajambula maola ambirimbiri n'kusankhapo ochepa. Mathero amawadziwa kale, ndiye akamakuonetsa wabodza uja akulankhula amaika kanyimbo kozizira pansi, kamera n'kusendera pamaso pake, iwe apo n'kudumpha kuti ndamuona, akuphethira! Sunamuone, wauzidwa ndi nyimbo. Tayesa tsiku lina kuonera utatseka mawu, mathero usanawadziwe, uone ngati ungaloze wabodza. Gawo lililonse amalidula mtima uli m'mwamba kuti ugule bandulo ina. Ndipo pa YouTube ukangoonera imodzi ya mkazi wonamizira mwamuna, amakutulutsira ina mulu, mpaka uyese kuti dziko lonse lapansi akazi ali pamzere kupolisi atasenza mabodza.

Filimu amaipanga pa chinthu chosowa. Ku England ndi Wales, ofesi ya boma yozenga milandu inawerengera mu 2013, mkulu wake ali Keir Starmer amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu ya Britain. Pa miyezi 17, milandu ya nkhanza za m'banja imene anazenga inali 111,891, pomwe ya anthu onamizira anzawo nkhanza zotere inali 6. Ya kugwiririra inali 5,651, ya kunamizira kugwiririra 35. Inde, si bodza lililonse limene limafika kukhoti, monganso si nkhanza iliyonse imene imafikako, koma kutalikirana kwa manambalawo ukuone. Kuno kwathu, kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti mwa akazi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49, okwana 36 anachitidwapo nkhanza ya pathupi chikwanitsireni zaka 15. Mkazi wa ku Feni kapena ku Chiparamba amene amamenyedwa chaka ndi chaka ndalama za fodya zikalowa, palibe wa kamera amene adzakwere ndege kudzamujambula. Nkhani yake ndi ya masiku onse, siigulitsa malonda.

Ukafuna filimu ya kunamizira ya kwathu konkuno, funa I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, ya 2017, muli ndi Chinyanja chomwe. Ndi sewero la kamtsikana kotchedwa mfiti popanda chifukwa. Pajatu kunamizira kumene ife timakudziwa bwino ndi kuja kwa agogo a maso ofiira amene timawaloza chala mwana akadwala, chikhalirecho lamulo la dziko limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Pamenepo sindimva anthu akuti tiyeni tidikire umboni. Koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Ndiye uchite izi. Lisanafike Lachisanu lakelo, upite kwa mlongo wako masana, utatenga abambo ako aang'ono kapena wamkulu wina amene iye amamuchitira manyazi. Umuuze mwaulemu kuti, “Achimwene, ndimakukondani. Ndidzanena zimene ndinaona, ndipo usiku uja sindinaone kanthu.” Usaonjezere, usatsutsane naye. Akalira, mupatse madzi. Akapsa mtima n'kuyamba kukutukwana kuti ndiwe wosayamika, waphunzirapo kanthu kamene filimu sikadakuuza. Zoti sakudya uwauze akuluwo. Akayamba kulankhula zodzipha, musazibise ndipo musaziyese nthabwala: akulu adziwe tsiku lomwelo, apite naye kuchipatala. Thandizo lotere mupatse ndi manja awiri.

Amayi uwauze wekha, pang'onopang'ono, mankhwala awo ali pafupi. Amayi athuwa anaika amuna m'manda, analera ana m'chilala; ndi olimba kuposa mmene ana awo aamuna amawanenera akafuna kubisala kumbuyo kwa chitenje chawo.

Kenako ukawaone alamu ako. Utenge kasopo kapena kashuga, ulowe ngati mlamu, usalowe ngati wa ku Lilayi. Usawafunse kuti linali Loweruka kapena Lamlungu. Uwafunse ngati akugona tulo, ngati ana adya. Akafuna kulankhula umve, ukatuluka usakaulutse pachitsime. Ana a m'nyumbamo musawasandutse mboni zanu, iwe kuwafunsa m'mawa, bambo awo kuwafunsa masana, agogo madzulo. Mwana akafunsidwa kambirimbiri amayankha zimene waona kuti wamkulu akufuna kumva. Ku California kunali mlandu wa sukulu ya mkaka ya McMartin, umene unayamba mu 1983 n'kutha mu 1990 popanda wopezeka wolakwa, ana atafunsidwa mafunso owatsogolera mpaka kufotokoza zinthu zosatheka. Ngati ana ayenera kufunsidwa, afunsidwe ndi odziwa ntchitoyo.

Zotsalazo zili ndi eni ake. Ku Victim Support Unit (VSU) ya apolisi amapereka pepala lopita nalo kuchipatala kuti dokotala alembe zimene waona pa disolo, ndipo amamva mbali zonse. Lamulo lothana ndi nkhanza la 2011 lilipo, ndipo Chipata ili ndi khoti lofulumizitsa milandu yotere, mtundu wa lija linayambira ku Kabwe mu 2016. Mlongo wako ali ndi ufulu wodziteteza. Ngati alibe ndalama za loya, apite ku Legal Aid Board. Ankhoswe agwire ntchito yawo yomva ndi kulangiza, koma asasanduke okakamiza mkazi kukachotsa mlandu pofuna kubisa manyazi a banja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe, ndipo iwe palibe amene wakulemba ntchito yoweruza.

Azakhali

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimanyamula anthu panjinga yamoto pakati pa Mtenguleni ndi midzi yozungulira. Ndili ndi chibwenzi cha zaka ziwiri. Chiyambireni sindinamugwirepo ndi dzanja laukali. Koma tikangosemphana, kapena ndikachedwa kutumiza ndalama pafoni, amandilembera kuti adzikanda n'kupita ku VSU, ndipo apolisi adzamva iye chifukwa ndi mkazi. Mwezi watha ndinati tisiyane, anati ndikangoyesa ndikagona m'selo. Ndikatumiza ndalama amasintha, amakoma ngati poyamba paja. Anzanga pa siteji akungondiseka. Kodi ndithawire ku Lusaka?

Wanjinga

Iwe mnyamata,

Uthawire ku Lusaka, njinga usiyire yani? Munthu wodutsa m'matope a mu Febuluwale utanyamula mayi, mwana ndi thumba la feteleza, lero ukuthawa meseji?

Ndikuseka, koma nkhani yako si yoseketsa, ndipo anzako a pa sitejiwo ukawauze kuti Azakhali ati atseke pakamwa. Zimene akukuchita mtsikanayo ndi nkhanza. Lamulo la 2011 lija silinalembedwere akazi okha, ndipo silinena za zibakera zokha. Kuopseza ndi kuzunza munthu m'maganizo zili momwemo. Kufuna ndalama ndi chiopsezo ndi mlandunso pawokha. Kukoma kumene amakoma ndalama ikalowa usakutche chikondi. N'komwe kwakusunga zaka ziwiri, chifukwa mwezi uliwonse umati mwina tsopano wasintha.

Chiopsezo chotere usachipepuse. Brian Banks, mnyamata wa ku California wa luso pa mpira wa ku America, ananamiziridwa kugwiririra mu 2002 ali ndi zaka 16. Poopa chilango cha zaka 41 mpaka moyo wonse, anasankha kusatsutsa mlandu, n'kukhala m'ndende zaka zoposa 5. Khoti linamuyeretsa mu 2012, mtsikanayo atamufunafuna yekha pa Facebook n'kuvomera kuti ananama, mawu ake akujambulidwa. Iyeyo anadikira pafupifupi zaka 10 kuti apeze mawu amene iwe uli nawo kale m'thumba la buluku.

Mameseji amenewo usafufute ngakhale umodzi. Uwajambule, utumize kwa m'bale wako wodalirika, pakuti mafoni amagwera m'madzi ndipo ena amagwetsedwa dala. Usungenso mauthenga a ndalama zimene unatumiza, masiku ake azioneka. Usamuyankhe mwaukali, usamuopseze, chifukwa meseji yako imodzi yotukwana idzawerengedwa mokweza pamaso pa anthu. Kenako uyambe ndiwe kupita ku VSU, masana, utasamba, ukawaonetse ndi kupempha kuti alembe. Amuna amapitako, denga siligwa. Manyazi akakukulira, yamba waimba 933, nambala yaulere ya Lifeline, ulankhule ndi munthu wosakuona nkhope. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Posiyana naye, usapite wekha kuchipinda kwake usiku ati kukakambirana komaliza. Utenge wamkulu wa kwanu, akhalepo wamkulu wa kwawo, pakhonde, dzuwa likuwala. Chake umubwezere pamaso pa anthu, chako utenge pamaso pa anthu. Kuchokera pamenepo ndalama zisiye kupita, ngakhale ya mayunitsi. Ngati pali mwana pakati panu, imeneyo ndi ina: za mwana uzipereka ndithu, koma kudzera mwa akulu kapena monga khoti linganene, ndipo zizilembedwa.

Ndikufunse kamodzi, poti nawenso ndakumva mbali imodzi monga ndamvera mtsikana wa vitumbuwa uja. Wati sunamugwirepo ndi dzanja laukali. Ngati lilipo tsiku limene unamukankha, kapena kumulanda foni, kapena kumutsekera m'nyumba, n'kumati kumeneko si kumenya, ukanene wekha ku VSU usanafunsidwe, chifukwa iye sanaiwale. Ngati palibe, pita mtima uli m'malo.

Chibwenzi china usafulumire nacho. Ndalama zimene ziyambe kutsala mwezi ndi mwezi ugulire chisoti cha okwera ako. Enafe timakwera njinga zanuzo popita kukapimitsa BP, ndipo mitu yathu si yachitsulo.

Azakhali